Mliri wa Chimfine Ukabuka: Njira Zodzitetezera Zomwe Zimathandizadi

Pa 2 Epulo 2020 boma la Malawi lidalengeza kuti anthu atatu ku Lilongwe apezeka ndi kachilombo ka korona. Apa n'kuti sukulu zitatsekedwa kale kuyambira pa 23 Malichi. Pasadapite nthawi, pakhomo pa banki, sitolo, tchalitchi ndi mzikiti padaikidwa ndowa ya mpopi ndi kachidutswa ka sopo, ndipo alonda ankabweza aliyense wofuna kulowa osasamba m'manja. Atelala adaika kaye pambali madiresi n'kuyamba kusoka mamasiki a chitenje. Anthu adasiya kupatsana moni wa m'manja, ena n'kumagundana zigongono, ena n'kubwerera ku moni wakale wowomba m'manja chapatali. M'misika mandimu, jinja ndi adyo zidayamba kuyenda malonda kwambiri.

Pomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linkalengeza mu Meyi 2023 kuti COVID-19 sikuonedwanso ngati vuto ladzidzidzi la dziko lonse, kaundula wa boma adali ataonetsa Amalawi oposa 2,600 omwe adamwalira ndi matendawa. Zaka zitatuzo zidasiya phunziro lalikulu, chifukwa akatswiri adapeza mpata woyesa njira iliyonse yodzitetezera n'kuona kulemera kwake. Zomwe adapeza n'zakuti njirazi sizifanana mphamvu. Zina zomwe anthu adalimbikira kwambiri zidali zothandiza pang'ono, pomwe ina yosalira ndalama, yotsegula zenera, idanyalanyazidwa kwa miyezi yambiri.

Kachilombo kamayenda ndi mpweya

Pa 10 Malichi 2020, oimba 61 a kwaya ya Skagit Valley Chorale, m'chigawo cha Washington ku America, adakumana kuti aphunzire nyimbo. Za mliri adali atazimva, choncho sadakumbatirane kapena kugwirana chanza, ndipo pakhomo padali mankhwala opaka m'manja. Adaimba maola awiri ndi theka m'chipinda. Mmodzi mwa iwo adali ndi zizindikiro zonga chimfine wamba. M'masiku otsatira anthu oposa 50 adadwala, ndipo awiri adamwalira.

Munthu mmodzi sakadatha kukhudza anzake onsewo ndi manja, kapena kuwatsokomolera pamaso mmodzimmodzi. Chomwe onse adagawana ndi mpweya wa m'chipindamo. Munthu akamapuma, kuyankhula, kuimba, kutsokomola kapena kuyetsemula, amatulutsa timadontho ta misinkhu yosiyanasiyana. Tokulirapo timagwa pansi msanga, mosapitirira mita imodzi kapena awiri. Koma pali tina tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, tomwe timayandama mumpweya kwa mphindi zambiri, mwinanso maola. Kuimba ndi kufuula kumatulutsa tochuluka kuposa kuyankhula motsitsa. Timadonthoti timachita monga utsi wa nkhuni m'khitchini yotseka: umaŵaŵa kwambiri kwa yemwe ali pafupi ndi moto, koma pakapita nthawi umadzaza chipinda chonse mpaka wokhala pakona nayenso kuyamba kutuluka misozi, ndipo chitseko chikatsegulidwa umatha.

Nkhani ina idachitika ku Ningbo m'dziko la China mu Januwale 2020. Anthu adakwera mabasi awiri kupita ku mwambo wachipembedzo. M'basi yomwe mudakwera mayi wina yemwe adali ndi kachilomboka mudali anthu 68, ndipo 24 adapezeka nako, kuphatikizapo ena okhala kutali ndi mayiyo. M'basi inayo, ya anthu 60, simudapezeke wodwala ngakhale mmodzi, chonsecho onse adakapemphera pamalo amodzi, pomwe mbali yaikulu ya mwambowo idachitikira panja.

Umboni wotere udachititsa akatswiri 239, motsogozedwa ndi Lidia Morawska ndi Donald Milton, kulemba kalata mu Julayi 2020 yopempha WHO kuti ivomereze zoti kachilomboka kamayenda mumpweya. Bungweli lidasintha malangizo ake momveka bwino kumapeto kwa Epulo 2021. Mwezi womwewo, bungwe lolimbana ndi matenda ku America la CDC lidati mwayi wotenga COVID-19 pongokhudza chinthu chomwe chili ndi kachilomboka sufika ngakhale kamodzi pa maulendo 10,000. Ndalama zambiri zomwe zidalowa popopera mankhwala m'misika, m'misewu ndi m'makoma a maofesi zidapindula zochepa kwambiri.

Zenera, khonde ndi mthunzi wa mtengo

Ngati vuto lili mumpweya wogawana, chitetezo choyamba ndi kusintha mpweyawo. Ogwira ntchito yolimbana ndi chifuwa chachikulu cha TB adadziwa izi kale. Kafukufuku yemwe adachitika m'zipatala za ku Lima m'dziko la Peru, wofalitsidwa mu 2007, adapeza kuti kungotsegula mazenera ndi zitseko kumasintha mpweya wa m'chipinda pafupifupi ka 28 pa ola, pomwe zipinda zamakina okwera mtengo zimapangidwa kuti zizisintha ka 12. Zipatala zakale, zomangidwa chisanafike chaka cha 1950 ndi denga lalitali komanso mazenera akuluakulu, ndizo zidapambana zonse.

Dziko la Japan lidafupikitsa uthenga wake m'zinthu zitatu zoyenera kupewa: malo otsekeka, malo othithikana, ndi kucheza moyandikana kwambiri. Zitatuzi zikakumana, ngozi imakula. Ku Malawi zimakumana tsiku ndi tsiku m'minibasi ya m'mawa yochokera ku Ndirande kapena ku Area 25, makamaka mu Juni ndi Julayi pomwe kuzizira kumachititsa aliyense kukankha galasi kuti litsekeke. Zimakumananso m'kalasi ya ana oposa 100, m'chipinda chogona ophunzira a sukulu yogonera komweko, m'nyumba yoonetsa mpira pakanema, m'bala, m'ndende, ndi m'tchalitchi chomwe mapemphero ake amafika m'bandakucha zitseko zili zotseka.

Chochita pamalo onsewa n'chodziwika. Mazenera atsegulidwe mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mphepo ilowe uku n'kutulukira uko, pakuti zenera limodzi lokha silikankha mpweya mokwanira. M'minibasi, magalasi awiri otsegula pang'ono, lina kutsogolo lina kumbuyo, amathandiza kuposa kudandaula za wotsokomola, ndipo juzi imathetsa vuto la mphepo. Msonkhano wa banki m'khonde, wa komiti ya sukulu kapena wa kwa amfumu ungachitikire pansi pa mtengo monga zimakhalira kale. Nthawi nayo ndi yofunika: kulowa m'sitolo mphindi zisanu n'kutuluka kumasiyana kwambiri ndi kukhala maola atatu m'chipinda chomwecho. Kupatsana danga la mita imodzi kapena awiri kumathandiza chifukwa timadontho timachuluka pafupi ndi pakamwa pa wodwala, koma m'chipinda chotseka dangalo palokha silikwanira.

Mkangano wa masiki

Palibe njira yomwe idabutsa mkangano ngati masiki. Poyamba akuluakulu azaumoyo m'maiko ambiri ankati anthu wamba asavale, pofuna kusungira madokotala ndi anamwino. Kenako adatembenuka n'kulamula kuti aliyense avale. Kusinthaku kudasokoneza anthu, ena mpaka kutaya chikhulupiriro.

Kafukufuku wamkulu pa nkhaniyi adachitika ku Bangladesh, m'midzi 600 ya anthu pafupifupi 340,000. M'midzi yomwe adagawa mamasiki ndi kulimbikitsa anthu kuvala, ovala adakwera kuchoka pa 13 kufika pa 42 mwa anthu 100 aliwonse. Komwe adagawa mamasiki a kuchipatala, odwala COVID-19 adachepa ndi 11 pa 100 aliwonse, ndipo pakati pa anthu a zaka zoposa 60 adachepa ndi 35 pa 100 aliwonse. Mamasiki a nsalu sadaonetse phindu lomveka bwino chotero. Mu 2023 bungwe la Cochrane, lomwe limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, lidati umboni woti kulimbikitsa anthu ambiri kuvala masiki kumachepetsa matenda ndi wosakwanira. Ena adathamangira kunena kuti masiki ndi yachabe, koma mkonzi wamkulu wa bungwelo adafotokoza poyera kuti kumasulira kotero n'kolakwika.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, chithunzi chake chimaoneka. Masiki imasefa timadontho, koma phindu lake limadalira mtundu wake, momwe yagwirira nkhope, ndi ngati munthu waivaladi nthawi yonse yomwe ali pangozi. Ya N95 kapena KN95 ndiyo imasefa kwambiri, yotsatira ndi ya kuchipatala, ndipo ya nsalu imabwera pomaliza. Ikakhala ya nsalu, ikhale yophatikiza nsalu zitatu ndipo izichapidwa ndi sopo tsiku lililonse. Masiki yolendewera pachibwano kapena yosiya mphuno pamtunda siteteza aliyense. Yonyowa iyenera kusinthidwa. Malo ake enieni ndi m'minibasi, pamzere wa kuchipatala, m'chipinda cha wodwala, ndiponso pankhope pa munthu yemwe akutsokomola. Woyenda yekha kumunda kapena wopalasa njinga pamsewu wopanda anthu saifunikira.

Manja asaiwalike

Ngakhale mpweya ndiwo njira yaikulu, ndowa zija zidali ndi ntchito yake. Tizilombo tina ta chimfine, monga ka RSV komwe kamavutitsa makanda, timakhalitsa m'manja, pa zitseko ndi pa zidole. Ofufuza ku Sydney m'dziko la Australia adajambula ophunzira zaudokotala ali m'kalasi n'kupeza kuti aliyense amadzigwira kunkhope pafupifupi ka 23 pa ola, ndipo pafupifupi theka la maulendowo dzanja limafika pakamwa, pamphuno kapena m'maso. Kafukufuku wosiyanasiyana akuonetsa kuti kusamba m'manja kumachepetsa matenda a chifuwa ndi chimfine ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu.

Sopo amagwira ntchito chifukwa tizilombo ta korona ndi ta fuluwenza tidakutidwa ndi kachikopa ka mafuta, ndipo thovu limaswa kachikopako. Pamafunika masekondi osachepera 20 akutikita zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Sopo wochapira wamba ndi wokwanira. Mankhwala opaka m'manja amathandiza akakhala ndi mowa wa mphamvu yosachepera 60 pa 100. Chizolowezi chofunika kusintha ndi chosambira m'beseni limodzi anthu asanadye nsima, pomwe womaliza, yemwe nthawi zambiri amakhala mwana, amasamba m'litsiro la onse. Kuthirirana madzi ndi jagi kapena kumanga mpondagiya panja pa nyumba kumathetsa vutoli. Chizolowezi chomwechi chimatetezanso ku kolera, yemwe adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pakati pa 2022 ndi 2023.

Kutsokomolera kapena kuyetsemulira m'kati mwa chigongono kumasunga manja aukhondo. Kampango komwe munthu wapukutira mamina tsiku lonse kamasanduka nkhokwe ya tizilombo, choncho kazichapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa.

Wodwala akakhala m'nyumba

Chomwe chidavuta kwambiri pa COVID-19 n'chakuti munthu amayamba kupatsira ena tsiku limodzi kapena awiri asanamve kudwala, ndipo ena sadwala n'komwe. N'chifukwa chake kuyeza kutentha kwa thupi pazipata sikudagwire anthu ambiri. Komabe masiku oyamba a zizindikiro ndi omwe munthu amatulutsa tizilombo tochuluka, kotero wodwala akakhala pakhomo masiku amenewo, amapulumutsa anthu ambiri a kuntchito, kusukulu ndi kutchalitchi.

Langizo loti wodwala akhale m'chipinda chakechake lidalembedwa poganizira nyumba za zipinda zambiri. Banja la anthu asanu ndi mmodzi la m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi ku Mtandire kapena ku Mbayani silingalitsatire momwe lidalembedwera, koma lili ndi zomwe lingachite. Masana wodwala apume pakhonde kapena pamthunzi. Usiku agone pafupi ndi zenera lotsegula, pamphasa yakeyake, mutu wake utatalikirana ndi mitu ya ena. Womusamalira akhale mmodzi, wamphamvu zake, ndipo onse awiri avale masiki akayandikana. Kapu, supuni ndi chopukutira zikhale zake. Agogo, mayi woyembekezera, khanda, ndi aliyense wa matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu, TB kapena HIV yemwe sakumwa mankhwala mwandondomeko, ndiwo oyamba kutalikitsidwa, ngakhale kukagona kwa achibale masiku angapo. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka: utsi wake umafooketsa mapapo, ndipo mpweya wake umapha anthu ali m'tulo.

Kukhala pakhomo kuli ndi mtengo wake. Boma la Peter Mutharika litalengeza kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo 2020, mavenda adachita zionetsero m'mizinda, akunena kuti njala iwapha kachilombo kasanawafike. Pa 17 Epulo bwalo lalikulu la milandu lidaimitsa ganizolo, gulu la Human Rights Defenders Coalition litakadandaula kuti boma silidakonze chothandizira osauka. Wakabaza, waganyu ndi mayi wogulitsa tomato amadya zomwe apeza tsiku lomwelo. Uphungu woti wodwala asatuluke umatheka pokhapokha pali wina womubweretsera ufa ndi ndiwo, komanso bwana wosadula malipiro a wantchito yemwe wajomba chifukwa cha chifuwa. Mipingo, magulu a m'mudzi ndi olemba anthu ntchito ali ndi gawo lalikulu pamenepa kuposa momwe zikwangwani za zaumoyo zimanenera.

Maliro, maukwati ndi misonkhano

Pa mliri wa fuluwenza wa mu 1918, womwe udapha anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse, mzinda wa Philadelphia ku America udalola chionetsero cha anthu pafupifupi 200,000 pa 28 Sepitembala. Patangopita masiku atatu, mabedi m'zipatala za mzindawo adali atadzaza. Mzinda wa St. Louis udatseka sukulu, matchalitchi ndi malo azisangalalo mliri utangoyamba, ndipo imfa zake pa sabata yoipitsitsa zidali zochepa kwambiri poyerekeza ndi za Philadelphia. Kusiyana kudali pa kufulumira.

Amalawi adaona kulemera kwa nkhaniyi mu Januwale 2021, pomwe nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale. Zipatala zidasowa mpweya wa okosijeni, ndipo bwalo la Bingu National Stadium ndi nyumba ya boma ya ku Zomba zidasandutsidwa malo ogonekamo odwala. Maliro adachuluka, ndipo maliro omwewo adali malo ena ofalitsira matenda.

Palibe Mmalawi yemwe angauzidwe kuti asapite kumaliro a m'bale wake n'kumva bwino. Koma ngozi ya pamaliro sili paliponse mofanana. Kumanda, panja, mphepo ikuwomba, ndi yochepa. Yaikulu ili m'nyumba ya siwa, momwe amayi amakhala mothithikana usiku wonse akuimba, mazenera ali otseka chifukwa cha kuzizira, komanso m'lole yodzaza anthu operekeza. Nthawi ya mliri, nyimbo zingaimbidwire panja, m'nyumba n'kumalowa anthu ochepa mosinthana, okalamba n'kupatsidwa malo awo pamphepo, mwambo n'kufupikitsidwa. Yemwe akutsokomola atumize chipepeso chake kudzera mwa wina, adzafike akachira. Ukwati ndi chinkhoswe zili ndi mwayi woti zingasunthidwe tsiku kapena kuchitikira pabwalo.

Mandimu, nthunzi, mapiritsi ndi katemera

Tiyi wa mandimu, jinja ndi uchi amafewetsa kukhosi ndipo amathandiza wodwala kumwa madzi okwanira. Kufukiza nthunzi ya masamba a bulugama kumatsegula mphuno kwa kanthawi. Koma palibe mwa izi chomwe chimapha kachilombo komwe kali kale m'kati mwa thupi, ndipo madzi owira pansi pa bulangete apsereza ana ambiri. Choopsa china n'chakuti munthu wodalira nthunzi amachedwa kupita kuchipatala. Chakumwa cha Covid-Organics chomwe mtsogoleri wa Madagascar pa nthawiyo, Andry Rajoelina, adachitchukitsa mu Epulo 2020 sichidaletse mliri kufalikira m'dziko lakelo.

Mapiritsi monga amoxicillin, bactrim ndi azithromycin amapha mabakiteriya, ndipo sagwira mavairasi omwe amayambitsa chimfine, fuluwenza ndi COVID-19. Kuwagula pa golosale n'kumwa awiri atatu kumangophunzitsa mabakiteriya kupirira, kuti tsiku lomwe mwana adzadwale chibayo mankhwalawo adzalephere. Kutentha thupi nako kusamangoganiziridwa: m'dziko la malungo, kuyezetsa magazi ndiko kumasiyanitsa.

Katemera ndiye adasintha kwambiri chiwerengero cha omwalira. Woyamba, wa AstraZeneca wokwana 360,000, adafika m'dziko muno pa 5 Malichi 2021 kudzera mu ndondomeko ya COVAX, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adabayitsa poyera patangopita masiku ochepa. Koma mphekesera za pa WhatsApp, zoti katemera amatseka kubereka kapena ndi chizindikiro cha chilombo, zidabweza anthu ambiri, ndipo mu Meyi chaka chomwecho boma lidawotcha katemera 19,610 yemwe adapitirira nthawi yake. Katemerayu saletsa kotheratu kutenga kachilombo, ndipo ena adakhumudwa ataona obayitsa akudwala. Ntchito yake yaikulu ndi yoti wodwalayo asafike pogonekedwa pa okosijeni kapena kumwalira, ndipo pa ntchito imeneyi umboni wochokera m'maiko ambiri ndi wamphamvu, makamaka kwa okalamba ndi odwala matenda okhalitsa.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Odwala ambiri amachira pakhomo ndi kupuma, madzi ambiri, chakudya ndi panado. Koma pali zizindikiro zosafuna kudikira kuti kuche: kubanika, kupweteka pachifuwa kosalekeza, kusokonezeka mutu, kulephera kudzuka, ndi milomo kusintha mtundu. Kwa mwana, mayi awerenge kapumidwe kwa mphindi imodzi mwanayo ali phee. Wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa, ndi wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa, chingakhale chibayo. Chifuwa kulowa m'kati popuma, kukana kuyamwa, kusanza chilichonse ndi kukomoka ndi zizindikiro zoti mwana afike kuchipatala tsiku lomwelo. Chifuwa chopitirira masabata awiri chifunika kuyezetsa TB. Alangizi a zaumoyo a m'midzi ndi Chipatala cha pa Foni alipo kuti athandize banja lomwe likukayika.

Njira zonsezi zikagwiritsidwa ntchito pamodzi zimachita zazikulu. Mu 2020 fuluwenza idatsika kwambiri padziko lonse, ndipo mtundu wake wina wotchedwa B/Yamagata sudapezekenso kuyambira mu Malichi chaka chimenecho, mpaka WHO idalangiza kuti uchotsedwe m'katemera wa fuluwenza. Koma fuluwenza ya mitundu ina, RSV ndi korona yemweyo akadalipo, ndipo akatswiri akuyang'anitsitsa chimfine cha mbalame cha H5N1 chomwe mu 2024 chidalowa m'ng'ombe za mkaka ku America. Ntchito yomwe ingayambike mliri wina usanafike ili m'manja mwa makomiti a sukulu, akuluakulu a mipingo, eni minibasi ndi amisiri omanga: kukonza magalasi a galimoto omwe adamatirira, kutsegula mazenera a m'makalasi omwe adatsekedwa ndi njerwa poopa akuba, kubwezeretsa ndowa ndi sopo pakhomo pa chimbudzi, ndi kuonetsetsa kuti chipinda chilichonse chatsopano chosonkhanamo anthu chili ndi mazenera mbali ziwiri.